Kodi wojambula ali ndi ufulu woseka chipembedzo cha mnzake?

Funso: Ndine mphunzitsi komanso munthu wopemphera. Sabata yatha tinakangana ndi mphwanga, yemwe amakonda zojambulajambula, pa nkhani ya makatuni onyoza zipembedzo ngati a magazini ya ku France ya Charlie Hebdo aja. Iye akuti ufulu wolankhula ulibe malire, amene wakhumudwa atseke maso. Ine ndikuti kuchitira mwano Mulungu wa anthu ndi mlandu, ndipo boma lizimanga ochita zimenezi. Chikundidabwitsanso n'chakuti mayiko amene amalola katuni ya Mtumiki Muhammad ndi omwewo amene amamanga munthu akanyoza Ayuda. Kodi kumeneku si kukondera? Malire ake enieni ali pati?

Yankho: Bambo, pa mkangano wanuwu mphwanu walakwitsa, koma nanunso mlandu simunawine. Palibe dziko pansi pano limene ufulu wolankhula ulibe malire. Ngakhale ku United States, kumene wojambula amatetezedwa kuposa kwina kulikonse, khoti lalikulu linagamula mu 1969, pa mlandu wa Brandenburg, kuti boma lingalange munthu amene akumemeza anzake kuti aphwanye malamulo nthawi yomweyo, ngati zikuonekeratu kuti achitadi. Malire alipo. Pamene mayiko amasiyana ndi malo okhomapo chikhomo, ndipo chikhomo chimene inu mukufunachi, choti aliyense wonyoza zopatulika amangidwe, ndikuopa kuti tsiku lina chidzabaya phazi lanu lomwe.

Ndiyambe ndi kachithunzi kena kakale. Mu 1857 anthu ofukula zinthu zakale pa phiri la Palatine mu mzinda wa Rome anapeza chithunzi chokandidwa pakhoma, chimene akatswiri amati ndi cha m'ma 200 Yesu atabadwa. Pali munthu wopachikidwa pamtanda, koma mutu wake ndi wa bulu. Pambali pake paima mnyamata atakweza dzanja, ndipo pansi panalembedwa m'Chigiriki kuti Alexamenos akupembedza mulungu wake. Ichi ndi chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri zosonyeza kupachikidwa kwa Yesu, ndipo ndi katuni yachipongwe. Amene anachikandayo sankalimbana ndi mfumu kapena wansembe wamphamvu. Ankaseka mnzake wa m'kagulu kochepa ndi kozunzidwa.

Patadutsa zaka zoposa 1,300, mu 1521, wojambula Lucas Cranach, bwenzi la Martin Luther, anatulutsa zithunzi zosema pamatabwa ziwiriziwiri zoyang'anizana. Uku Yesu akusambitsa mapazi a ophunzira ake, uko mafumu akupsompsona phazi la Papa. Uku Yesu akupirikitsa osintha ndalama m'kachisi, uko Papa akugulitsa zikalata zokhululukira machimo. Apa woseka ndi munthu wopemphera, wosekedwa ndi mtsogoleri wachipembedzo wamphamvu kuposa onse ku Ulaya, ndipo anthu ambiri amene sankadziwa kuwerenga anamva uthengawo ndi maso.

Ndiye pali mtundu wachitatu. Ku Germany nyuzipepala ya Der Stürmer inatha zaka zambiri ikujambula Ayuda ngati akangaude, njoka ndi anthu omwa magazi. Mwini wake, Julius Streicher, ananyongedwa mu 1946 khoti la ku Nuremberg litamupeza wolakwa, ngakhale kuti chida chake chinali makina osindikizira, osati mfuti. Ku Rwanda nyuzipepala ya Kangura inachitira Atutsi zofananazo chipwirikiti cha 1994 chisanafike, ndipo mkonzi wake Hassan Ngeze anapezeka wolakwa ku khoti la ku Arusha mu 2003.

Cholembera ndi chimodzi, koma ntchito zake zasiyana. Malamulo a dziko lonse lapansi amayesa kusiyanitsa ntchito zimenezi. Pangano la United Nations la ufulu wachibadwidwe ndi wandale la mu 1966 limati m'ndime 19 munthu aliyense ali ndi ufulu wonena maganizo ake, kuphatikizapo kudzera m'zojambula, koma boma lingachepetse ufuluwo ndi lamulo lomveka bwino ngati n'kofunikadi pofuna kuteteza ufulu ndi mbiri ya ena, chitetezo cha dziko, bata, thanzi kapena makhalidwe abwino. Ndime 20 imapita patali: imalamula mayiko kuti aletse kufalitsa chidani cha mtundu kapena cha chipembedzo chimene chikumemeza tsankho, udani kapena chiwawa. Mu 2011 komiti yoyang'anira panganoli inamveketsa kuti malamulo oletsa kuchitira mwano chipembedzo sagwirizana ndi panganoli, kupatula ngati nkhaniyo yafika pa zimene ndime 20 ikunena. M'chinenero cha tsiku ndi tsiku, lamulo limatchinjiriza munthu wokhulupirira, osati chikhulupiriro chakecho. Mungaseke chiphunzitso, buku, mwambo, ngakhale mneneri. Simungamemeze anthu kuti adane ndi mayi wovala mpango kumutu kapena bambo wovala mtanda m'khosi.

Kunena n'kophweka. Vuto limabwera chithunzi chikakhala patebulo.

Pa 30 Seputembala 2005 nyuzipepala ya Jyllands-Posten ya ku Denmark inasindikiza makatuni 12 okhudza Mtumiki Muhammad. Mkonzi wa nkhani zachikhalidwe, Flemming Rose, anati ankafuna kuona ngati ojambula a m'dzikolo ayamba kudzitseka okha pakamwa poopa Asilamu. Makatuniwo sanali ofanana: ena sanajambule Mtumikiyo n'komwe, ndipo ina inkaseka nyuzipepala yomweyo kuti ikungoputa dala. Imene dziko lonse limaikumbukira ndi ya Kurt Westergaard: nkhope ya munthu wandevu, nduwira yake ili bomba loyatsidwa kale, ndipo pa nduwirapo palembedwa mawu a chikhulupiriro cha Chisilamu. Kwa Asilamu ambiri, makamaka a Sunni, kujambula nkhope ya Mtumiki n'koletsedwa kale ngakhale utajambula mwaulemu. Apa panawonjezereka uthenga woti Mtumikiyo ndi uchigawenga ndi chinthu chimodzi. Poyamba panalibe phokoso lalikulu. Moto unabuka kumayambiriro kwa 2006: katundu wa ku Denmark ananyanyalidwa m'mayiko a Aluya, maofesi a akazembe anawotchedwa ku Damascus ndi ku Beirut, ndipo anthu ambiri anafa pa zionetsero m'mayiko ngati Nigeria, Libya, Pakistan ndi Afghanistan. Mkulu woimira boma pa milandu ku Denmark anaona nkhaniyo mu Malichi 2006 ndipo anati palibe mlandu wozenga.

Magazini ya Charlie Hebdo ya ku Paris inasindikizanso makatuniwo mu Febuluwale 2006, n'kuwonjezera akeake. Pachikuto panali katuni ya wojambula Cabu: Mtumiki ataphimba nkhope ndi manja, akudandaula kuti n'zowawa kukondedwa ndi zitsiru, ndipo mutu wake unkanena kuti anthu ochita zinthu monyanyira amupitirira. Mzikiti waukulu wa ku Paris pamodzi ndi bungwe lina la Asilamu anachita chimene nzika yolemekeza malamulo imachita, anakasuma kukhoti. Chigamulo cha mu Malichi 2007 n'chimene ndimakonda kuwerengera ophunzira anga, chifukwa oweruza sanamange zithunzi zonse mtolo umodzi. Anati katuni ya Cabu ikuloza ochita monyanyirawo, osati Asilamu onse. Pa ya nduwira ya bomba anavomereza kuti, itaonedwa payokha, ndi yopweteka ndipo ingaoneke ngati ikunyoza Asilamu onse. Koma poona kuti inasindikizidwa m'magazini yodziwika ndi chipongwe, imene palibe amakakamizidwa kugula, ndiponso mkati mwa mkangano umene dziko lonse linkakambirana, anati malire sanadumphidwe. Mkonzi Philippe Val anapezeka wosalakwa, ndipo khoti la apilo linagwirizana nazo mu 2008.

Mungatsutsane nacho chigamulochi, ndipo ine pa katuni ya bombayo ndimaona kuti inangotsala pang'ono kugwera kutsidya. Westergaard ankanena mpaka imfa yake mu 2021 kuti ankaloza anthu ogwiritsa ntchito chipembedzo pochita uchigawenga. N'kutheka. Koma katuni siyenda ndi mwini wake kuti aziifotokoza. Munthu woiona pafoni amangoona Chisilamu ndi bomba pamutu umodzi, ndipo amene amalawa zotsatira zake ndi Msilamu woyendetsa basi ku Copenhagen, amene sanaphepo ndi nkhuku yomwe. Ndikanakhala mkonzi, sindikanaisindikiza. Ndikanakhala woweruza, sindikanamanga amene anaisindikiza. Mayankho awiriwa sakutsutsana, chifukwa mafunso ake ndi osiyana, ndipo pamenepa mpamene inu ndi mphwanu mukuphonyana. Iye akamva kuti lamulo likulola, akuganiza kuti ndiye kuti n'zabwino. Inu mukamva kuti n'zoipa, mukuganiza kuti ndiye kuti apolisi abwere.

Tsopano za kukondera. Pamapepala yankho lilipo. Ku France lamulo la zofalitsa nkhani la mu 1881 silidziwa mlandu wochitira Mulungu mwano, koma kuyambira mu 1972 limaletsa kunyoza kapena kumemeza chidani pa anthu chifukwa cha mtundu kapena chipembedzo chawo, ndipo lamulo la mu 1990 limaletsa kukana kuti Anazi, chipani cha Hitler ku Germany, anapha Ayuda mwaunyinji. Choncho kuseka Mose, Torah (buku lopatulika la Ayuda) kapena arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda) n'kololedwa, ndipo Charlie Hebdo yachita zimenezo, monganso yajambula Yesu, Mariya ndi apapa m'njira zimene sindingazifotokoze pano. Mabungwe a Akatolika anaisumira kambirimbiri. Choletsedwa ndi kuukira Ayuda ngati anthu, ndipo lamulo lomwelo limatetezanso Asilamu ngati anthu.

Koma musalole munthu akuuzeni kuti ndiye kuti zonse zili bwino. Mu 2006 zinadziwika kuti Jyllands-Posten yomweyo inakana mu 2003 makatuni oseka kuuka kwa Yesu amene Christoffer Zieler anaitumizira, ndipo mkonzi wina anamuyankha kuti angakwiyitse owerenga. Nyuzipepalayo inati amenewo sanapemphedwe ndiponso sanali abwino, koma mfundo yanu ikuoneka. Mu 2008 Charlie Hebdo inachotsa ntchito wojambula wake wakale Siné chifukwa cha ndemanga imene ena anati ikunyoza Ayuda, ndipo pambuyo pake khoti linalamula kuti alipidwe chipepeso chifukwa chochotsedwa mosatsata malamulo. Patangopita masiku ochepa anthu mamiliyoni ataguba mu Januwale 2015 poikira kumbuyo ufulu wolankhula pambuyo pa chiwembu cha pa ofesi ya Charlie Hebdo, wanthabwala Dieudonné anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba pa Facebook, ndipo khoti linamupeza wolakwa pa mlandu woyamikira uchigawenga. Khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya nalo limayenda njira ziwiri. Mu 1976, pa mlandu wa Handyside, linati ufulu wolankhula umatetezanso mawu okhumudwitsa, odzidzimutsa ndi osokoneza mtima. Komabe mu 2018 linavomereza kuti Austria sinalakwe polipiritsa chindapusa mayi wina chifukwa cha zimene ananena za Mtumiki Muhammad. Dziko lililonse lili ndi bala lake limene silifuna kuti likhudzidwe. Ku Ulaya balalo ndi Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa, ndipo ndi balanso limene makatuni anathandiza kulitema. Zimenezi zimafotokoza kusiyanako, koma sizichotsa mkwiyo wa mnyamata wachisilamu wa m'mbali mwa Paris amene akuona kuti ululu wake sukuwerengedwa mofanana.

Nanga bwanji osangofananitsa zonse poletsa kunyoza chipembedzo chilichonse, monga inu mukufunira? Taganizirani zimene mumanena mukamapemphera. Sindikudziwa ngati mumapita kutchalitchi kapena kumzikiti, koma zilibe kanthu. Mkhristu akanena kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, m'makutu a Msilamu wanena mawu olemera kwambiri onyoza umodzi wa Mulungu. Msilamu akanena kuti Yesu sanafe pamtanda, wagumula mzati umene Chikhristu chonse chaimapo. Onse awiri akanena kuti mafano si milungu, akhumudwitsa anthu mamiliyoni mazanamazana. Chiphunzitso cha uyu ndi mwano kwa uyo. Boma likapatsidwa mphamvu yolanga mwano, liyenera kusankha Mulungu woti limuteteze, ndipo limasankha wa anthu ochuluka. Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mlandu umene akulu ansembe anamupeza nawo Yesu ndi womwewu, wochitira Mulungu mwano.

Ku Pakistan ndime 295-C ya malamulo imapereka chilango cha imfa kwa wonyoza Mtumiki. Asia Bibi, mayi wachikhristu wogwira ganyu m'minda, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 2010 pa nkhani imene inayamba ndi mkangano wa madzi akumwa, ndipo anakhala m'ndende mpaka khoti lalikulu litamumasula mu 2018. Bwanamkubwa wa chigawo cha Punjab, Salman Taseer, Msilamu amene anamulankhulira, anawomberedwa ndi wapolisi wake womulondera mu Januwale 2011. Nduna Shahbaz Bhatti, amenenso anamulankhulira mayiyo, anaphedwa patangopita miyezi iwiri. Lamuloli silinathetse chiwawa. Linapatsa anthu chikhulupiriro choti kupha wonenezedwa n'kungofulumizitsa chilungamo. Ku Jordan wolemba Nahed Hattar anamangidwa mu 2016 chifukwa chogawana katuni pa Facebook, ndipo anawomberedwa pakhomo pa khoti ku Amman akupita kukayankha mlanduwo. Ndipo izi si za mayiko a Chisilamu okha: mu 2005 khoti la ku Greece linagamula kuti wojambula wa ku Austria Gerhard Haderer apatsidwe chilango chongoimikidwa kaye cha miyezi 6 kundende chifukwa cha buku la makatuni oseka Yesu, iye kulibe n'komwe, ngakhale kuti khoti la apilo linafafaniza chigamulocho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake England inachotsa mlandu wa mwano mu 2008, ndipo anthu a ku Ireland, dziko la Akatolika ambiri, anavota mu 2018 kuti uchotsedwe m'malamulo aakulu a dziko lawo.

Za kupha sindichedwapo, chifukwa palibe chokambirana. Pa 7 Januwale 2015 anyamata awiri apachibale, Saïd ndi Chérif Kouachi, anapha anthu 12 poukira ofesi ya Charlie Hebdo, kuphatikizapo ojambula Charb, Cabu, Wolinski, Tignous ndi Honoré, komanso wapolisi Ahmed Merabet, yemwe anali Msilamu. Mu Okutobala 2020 mphunzitsi mnzanu Samuel Paty anadulidwa mutu ataonetsa makatuni ena m'kalasi pophunzitsa za ufulu wolankhula. Magazini imene inkasindikiza makope pafupifupi 60,000 inasindikiza pafupifupi 8 miliyoni sabata yotsatira chiwembucho, ndiye ngati cholinga chinali choti zithunzizo zisaonedwe, mwaona nokha. Ndipo magazini imeneyo itatuluka, ku Niger anthu okwiya anawotcha matchalitchi ku Zinder ndi ku Niamey, anthu pafupifupi 10 n'kufa, pa chithunzi chojambulidwa ku Paris ndi anthu amene ankanyoza Chikhristu chomwe. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Pali chifukwa chinanso chimene malire sangaikidwe potengera kukula kwa mkwiyo: tikatero, chipembedzo cha anthu ofatsa chizinyozedwa mwaulere pamene cha okonzeka kugenda chizilemekezedwa, ndipo aliyense aphunzirapo kuti miyala ndiyo imagula ulemu.

Ndiye chikhomo chikhomedwe pati? Akatswiri amene United Nations inawasonkhanitsa ku Rabat mu 2012 anapereka zinthu 6 zoti woweruza aone asananene kuti mawu kapena chithunzi chafika pomemeza chidani: mmene zinthu zilili m'dzikolo pa nthawiyo, udindo wa wolankhulayo, cholinga chake, zimene wanena ndi mmene wazinenera, kutalika kwa kumene zafika, ndi kuthekera koti zibweretsedi choipa. Choyambacho n'chimene anthu amachiiwala. Katuni yoseka bishopu m'dziko limene mpingo wake uli ndi masukulu, mawailesi ndi nduna m'boma si yofanana ndi katuni yomweyo m'dziko limene Akhristu akupempherera mobisala. Ophunzira anga ndimawapatsa zithunzi ziwiri zongoyerekeza. China ndi cha mtsogoleri wachipembedzo akukwera ndege yakeyake, nkhosa zake zowonda zikumunyamulira zikwama. China ndi cha anthu a chipembedzo chomwecho, amayi ndi ana omwe, atajambulidwa ngati makoswe akutuluka m'ngalande kulowa mu mzinda. Sindinapezepo kalasi imene inalephera kuona kusiyana kwake, ngakhale ophunzira opemphera kwambiri, amene nthawi zambiri ndiwo amayamba kuseka choyambacho. Zovuta ndi za pakatikati, ndipo n'chifukwa chake pali makhoti.

Kunja kwa khoti muli ndi zida zambiri kuposa mmene mukuganizira. Ufulu umene umalola wojambula kunyoza ndi womwewo umene umakulolani kumudzudzula poyera, kulembera mkonzi, kusiya kugula nyuzipepala yake, kuchita zionetsero zamtendere, kapena kumujambula iyeyo. Nyuzipepala zikuluzikulu zambiri za ku United States ndi ku Britain sizinasindikize makatuni a ku Denmark aja mu 2006. Akonzi anangosankha okha. Ku South Africa mu Meyi 2010, nyuzipepala ya Mail & Guardian inatulutsa katuni ya wojambula Zapiro yosonyeza Mtumiki ali kwa dokotala wa zamaganizo, akudandaula kuti aneneri ena ali ndi otsatira odziwa kuseka. Bungwe la akuluakulu a Chisilamu linathamangira kukhoti ku Johannesburg kuti liiletse, khoti linakana. Ziopsezo zinalipo, koma chimene chinatsatira ndi msonkhano wa atsogoleri a Chisilamu ndi akonzi, ndipo nyuzipepalayo inavomereza poyera kuti ikumva chisoni ndi ululu umene katuniyo inabweretsa. Palibe anamangidwa, palibe anafa.

Mphwanuyo mukamuuzenso kuti chikhomochi chimasuntha, ngakhale m'mayiko amene iye amawasirira. Denmark inachotsa lamulo lake la mwano mu 2017, litakhala zaka zoposa 300. Mu Disembala 2023, pambuyo poti anthu ena akhala akuwotcha Korani kutsogolo kwa maofesi a akazembe, nyumba ya malamulo ya dziko lomwelo inakhazikitsa lamulo latsopano lolanga munthu wochitira chipongwe buku lopatulika pagulu, ndipo chilango chake chingafike zaka ziwiri m'ndende. Boma linanenetsa kuti lamuloli silikukhudza mawu olankhula, olemba kapena zojambula. Choncho lero ku Copenhagen munthu angasindikize katuni ya Westergaard ija osaopa apolisi, koma akayatsa Korani kapena Baibulo pabwalo akayankha mlandu.